Njovu zachulukadi ku Kasungu? Nanga miimba ikupita kuti?

Nabanda wa kwa Chulu: Moni nonse pagulu pano. Chibwerereni njovu za ku Liwonde zija, nkhani kuno ndi imodzi basi: zachuluka, zichepetsedwe, zibwerere kwawo. Kodi zachulukadi, kapena cholakwika chili pena? Funso lina ndi la ana a sukulu. Akufuna kudziwa chifukwa chake miimba ndi anang'omba sakuonekaonekanso, komanso ngati alipo amene amawerenga mbalame monga amawerengera njovu. Odziwa tithandizeni.

Phiri wa zankhalango: Mayi Nabanda, tiyambe ndi manambala. Paki ya Kasungu ndi yoposa masikweya kilomita 2,300, ndipo m'Malawi muno imaposedwa ndi Nyika yokha. M'zaka za m'ma 1970 munali njovu pafupifupi 1,200. Opha nyama mozemba anazipulula mpaka mu 2015 zinatsala 49 zokha. Chitetezo chitakhwima zinakwera kufika cha m'ma 120. Mu 2022 nthambi ya boma yoona za mapaki ndi nyama zakutchire, mogwirizana ndi mabungwe osamalira nyama a African Parks ndi IFAW, inabweretsa njovu 263 kuchokera ku Liwonde, pamodzi ndi nyama zina 431: njati, nswala, njiri, mphalapala ndi anakodzwe. Mukaphatikiza, njovu zinali zisanakwane 400, kutanthauza imodzi pa masikweya kilomita ngati 6. Ku Liwonde, komwe ndi masikweya kilomita 548 okha, zinali pafupifupi 600. Kumeneko ndiye zinapanikizana zenizeni. Kuno malo alipo. Ndipo njovu siswana msanga: bere limatenga miyezi 22, yaikazi imabereka kamodzi pa zaka zinayi kapena zisanu, ndiye ngakhale zinthu zitayenda bwino chotani gulu limakula ndi 5 pa 100 pachaka. Kuti ziwirikize kawiri pamafunika zaka 14 kapena 15.

Mwale wa kwa Kawamba: Masamu anuwo ali bwino a Phiri, koma njovu sigawa paki mofanana ngati pa pepala. Imatsata madzi ndi chakudya chokoma. Nkhalango ya miombo ili pa dothi losauka, udzu wake ukangokhwima umakhala wopanda kanthu, pamene kuseri kwa malire kuli chimanga, maungu, mtedza ndi nthochi. Nyama yodya makilogalamu 150 patsiku ingasankhe chiyani? Komanso nthawi ya njovu 1,200 ija minda inali isanafike m'mphepete mwenimweni mwa paki ngati lero. Anthu afa, kuno ndi mbali ya Zambia yomwe, ndipo lamulo lathu silipereka chipukuta misozi kwa munthu amene munda wake wadyedwa. Munthu wotere mukamuuza kuti njovu ndi zochepa, akuonani ngati mukumunyoza.

Phiri wa zankhalango: Sindikutsutsa achimwene. Ndikungoti matendawo tiwatchule dzina lake lenileni. Vuto ndi malire, osati chiwerengero. Mutachotsa njovu 100 lero, mphongo khumi zozolowera chimanga zikatsala, minda idyedwabe chimodzimodzi.

Gama Fundi: Ndiyankhulepo za mpanda wamagetsi, popeza ambiri amaganiza kuti ukangomangidwa basi nkhani yatha. Mpandawu uli ndi zinthu zinayi: sola, batire, energizer imene imaponya magetsi m'waya kamodzi pa sekondi iliyonse, ndi zitsulo zokhomera pansi. Kuti njovu iwope, waya azionetsa mavolti osachepera 5,000 kapena 6,000 kumapeto kwenikweni kwa chigawo, osati pafupi ndi makina pokha. Zimene zimaugwetsa ndi izi. Udzu ukamera n'kukhudza waya, magetsi amathawira pansi ngati madzi m'ndowa yobooka. Nthawi ya dzinja muyenera kusenga kapena kupalira mita imodzi mbali zonse ziwiri, milungu iwiri iliyonse. Sola ikadzala fumbi kapena kukachita mitambo masiku atatu, batire imafooka cha m'ma 3 koloko m'bandakucha, nthawi yeniyeni imene njovu zimayesa mpanda. M'chilimwe vuto limakhala pansi: mchenga wouma sunyamula magetsi, njovu imakhudza waya osamva kanthu. Mankhwala ake ndi kukhoma zitsulo zitatu kapena kuposapo, zotalika mita imodzi ndi theka, zotalikirana mamita atatu, pamalo achinyontho, ndiponso kusinthanitsa mawaya, wina wamoto wina wapansi, kuti nyama ikakhudza awiri pamodzi ilandire.

Ndiye pali nzeru za njovuyo. Mnyanga sudutsa magetsi, choncho mphongo imakola waya ndi mnyanga n'kudula, kapena kugwetsera mtengo pampanda, kapena kuponda mzati ndi phazi. N'chifukwa chake pa malo ovuta amaika timawaya totuluka kunja ngati minga ya nungu, totalika pafupifupi mita, kuti tiyambe kukhudza chitamba kapena chifuwa njovu isanafike pa mzati. Mpanda wopanda munthu woyenda nawo tsiku lililonse ndi chida choyezera mavolti umangophunzitsa njovu kuti waya saluma.

Mwale wa kwa Kawamba: Onjezani kuti wayayo amabedwa.

Gama Fundi: Eya, ndipo akabedwa amasanduka makhwekhwe. Mpanda umodzi wothyoka umatulutsa njovu n'kulowetsa misampha. Khwekhwe silisankha: lotchera gwape limadula chitamba cha mwana wa njovu.

Nazimbiri: Kwa amene minda yawo ili kutali ndi mpanda, njira yotsika mtengo ndi tsabola. Muyeso umene alangizi ambiri amagwiritsa ntchito pa ekala imodzi ndi uwu: malita 10 a oyilo wakutha wa galimoto, makilogalamu awiri ndi theka a tsabola wouma wosinja bwinobwino, zingwe za khonje, ndi nsanza za thonje zoposa 30. Zikani mitengo yotalika mamita atatu kuzungulira munda, mangani zingwe mizere iwiri, wina pa mita imodzi ndi theka, wina pa mamita awiri. Nyikani zingwe ndi nsanza zomwe mu oyilo wosakaniza ndi tsabola uja, nsanzazo muzimangirire pakati pa mizereyo. Tsabola akhale wowawa zenizeni, kapiripiri kapena kambuzi, osati wa paprika. Posinja dzimangeni kansalu kumphuno ndipo ana akhale kutali.

Pamene anthu amalakwitsa ndi pa nthawi. Amamanga njovu zitalawa kale chimanga. Mpandawu umangidwe chimanga chikangoyamba ngaiyaye, ndipo muzipakanso pakatha milungu itatu, kapena msanga mvula ikagwa yamphamvu. China, munda umodzi ukatetezedwa njovu zimangopita kwa mnansi, ndiye ndi bwino mudzi wonse umange mzere umodzi mbali yoyang'ana ku paki. Usiku onjezani njerwa za tsabola: gawo limodzi tsabola, magawo awiri ndowe za ng'ombe kapena za njovu, kuumba, kuboola pakati, kuyanika. Poyatsa ikani khala pabowopo, njerwayo ikhale mbali imene mphepo ikuchokera kuti utsi uzipita kumene njovu zikudzera. Mphepo ikatembenuka otsokomola mukhala inu.

Banda Wanjuchi: Pa njuchi ndiwonjezereko. Mpanda wa ming'oma unayesedwa ku Kenya ndi Lucy King wa bungwe la Save the Elephants. Ming'oma imapachikidwa pakati pa mizati iwiri, kutalikirana mamita 10, ndipo yonse imalumikizidwa ndi waya mmodzi. Njovu ikakankha wayayo ming'oma imagwedezeka, njuchi zimatuluka n'kuiluma m'chitamba ndi m'mbali mwa maso. Imagwira ntchito, koma mng'oma wopanda njuchi ndi bokosi chabe. Kuno njuchi zimasamuka chilimwe chikafika pachimake ngati palibe madzi pafupi, ndiye ikani mbale ya madzi yokhala ndi timitengo toteramo, folerani kadenga ka udzu pamwamba, pakani girisi pa waya wopachikira kuti linthumbu lisakwere. Chiuli nachonso chimaswa ming'oma yopachikidwa m'munsi kwambiri.

Chisale: Ine ndifunse mosabisa. Bwanji osangoziwombera zina, nyama n'kugawira anthu? Kapena kuzibweza?

Phiri wa zankhalango: Njira zochepetsera njovu zodziwika ndi zitatu a Chisale. Kupha mwadongosolo anachitapo ku Kruger, ku South Africa, kuyambira 1967 mpaka 1994, kenako anasiya. Anaona kuti ukachepetsa gulu, zotsalazo zimapeza chakudya chambiri n'kuswana msanga, ndipo ana amasiye amene anakula popanda zazikulu anadzavuta kwambiri kumene anawatumiza. Yachiwiri ndi katemera wolera wotchedwa PZP, wobaya zazikazi kuchokera mu helikopita. Amafuna kubwereza chaka ndi chaka, ndipo amathandiza m'mapaki aang'ono amene njovu iliyonse imadziwika. Kuno kulera sikungathandize munda wa chaka chino. Yachitatu ndi kusamutsa, monga anachitira mu 2016 ndi 2017 popititsa njovu pafupifupi 500 ku Nkhotakota. Ntchitoyi ndi yodula. Helikopita imasonkhanitsa banja lonse, dokotala amayamba kulasa make wa gululo, kenako zinazo. Ikagwa iyenera kugona cham'mbali, chifukwa ikagonera chifuwa imabanika. Amaika kamtengo kukamwa kwa chitamba kuti chisatsekeke, amapinda khutu kuphimba diso, kenako makina onyamulira amaikweza chadodolido atamanga miyendo. Amachita m'miyezi yozizira kuti isatenthedwe. Kusiya mwana kapena make m'mbuyo ndi kupanga njovu yolusa. Chimene chimatheka ndi kudziwa mphongo zimene zimathyola mpanda kawirikawiri, kuziveka makolala a GPS kuti alonda achenjeze midzi zisanafike, ndipo ikapezeka yoopsa pa moyo wa anthu, a nthambi ya nyama ndi amene ali ndi mphamvu yoipha. Munthu wamba akapha njovu, lamulo limene linakonzedwanso mu 2017 limalola chilango chofika zaka 30 m'ndende.

Nabanda wa kwa Chulu: Zikomo abambo. Koma funso la ana anga mwalidumpha nonse.

Nankhoma wa mbalame: Sanalidumphe amayi, alifika m'mphepete osadziwa. Zimene anthu amachita akatopa ndi nyama zowononga ndi zomwezo zikumaliza miimba. Fisi akagwira mbuzi, kapena nguluwe zikalowa m'chinangwa, wina amathira poizoni wa tameki kapena Furadan pa nyama yakufa. Fisi mmodzi adya, koma m'mawa miimba makumi angapo itera pomwepo. Opha njovu nawonso amathira poizoni pa mtembo mwadala, chifukwa miimba ikamazungulira m'mwamba imaonetsa alonda pamene pachitika zinthu. Ku Botswana mu 2019 miimba 537 inafa pa mitembo ya njovu zitatu zokha. Tsono muimba umaikira dzira limodzi pachaka, ndipo suyamba kuswa usanakwane zaka zisanu kapena kuyandikira pamenepo. Ukafa waukulu nthawi yoswa, kamwana kali m'chisa kamafanso ndi njala. Kuyambira 2015 mitundu itatu imene imapezeka kuno, wa msana woyera, wa mutu woyera ndi waung'ono wa mutu wofiirira uja, ili pa mndandanda wa IUCN, bungwe la padziko lonse loona za chilengedwe, wa zamoyo zotsala pang'ono kutheratu.

Ena amati palibe kanthu, ndi mbalame yonyansa. Funsani ku India. Kumeneko mankhwala a ng'ombe otchedwa diclofenac anapha miimba yoposa 95 pa 100 iliyonse m'zaka za m'ma 1990, mpaka boma linawaletsa pa ziweto mu 2006. Mitembo inayamba kuwolera pamtunda, agalu osowa mwini anachuluka, chiwewe nacho chinakwera.

Dokotala wa ziweto: Ndiike apa zoyenera kuchita mukapeza nyama yokayikitsa, chifukwa apa anthu amafa. Zizindikiro: ntchentche zakufa mbwee pa mtembo ndi pansi pozungulira, timibulu takuda kapena tofiirira ngati mchenga pa nyamayo, mbalame zakufa pafupipafupi zitafumbata zala, zamoyo zikudzandira, mapiko ali lende, dovu kukamwa. Musagwire ndi manja, musatengeko nyama ngakhale ya mbali imene ikuoneka yabwino, mangani agalu. Wina aime chapatali kuingitsa mbalame zina kuti zisatere, wina aimbire alonda a paki, apolisi kapena mlangizi wa ziweto. Musatenthe iwo asanafike, popeza umboni uli pomwepo. Akamaliza, mtembowo uwotchedwe mpaka phulusa, pamodzi ndi dothi la pamwamba pamene panagwera madzi ake. Kukwirira mosazama afisi amafukula. Muimba wamoyo uikidwe pamthunzi, mutu utaphimbidwa ndi nsalu, ndipo samalani mlomo wake. Jakisoni wa atropine amaupulumutsa ukapezeka msanga, koma ameneyo ndi wa dokotala.

Nankhoma wa mbalame: Za nang'omba vuto lake ndi lina: nyumba. Mbalameyi imakhala m'kagulu ka atatu mpaka khumi, koma yoswa ndi yaikazi imodzi yokha, enawo amangothandiza kudyetsa. Imaikira mazira awiri n'kulera mwana mmodzi, ndipo pamadutsa zaka zingapo kuti gulu likuze mwana wina. Chisa chake ndi mphako yaikulu ya mtengo wakale, monga mkuyu kapena muula, yotakata mkati mwina masentimita 40. Mtengo wotere umatenga zaka zambirimbiri kuti ukule n'kubooka. Ukadulidwa, anang'omba mudzawaonabe akuyenda m'dambo zaka khumi kapena kuposapo chifukwa amakhala moyo wautali, anthu n'kumati alipo, pamene anasiya kalekale kuswa. Choncho powerenga musamangowerenga mitu. Yang'anani khosi: wamkulu ndi lofiira, wamkazi ali ndi kabuluu pakati pa kufiirako, mwana khosi lake ndi lotuwa chachikasu. Gulu lopanda wa khosi lotuwa zaka zingapo zotsatana likutha.

Mwale wa kwa Kawamba: Apa muyamba kunena alimi a fodya, ndikudziwa.

Nankhoma wa mbalame: Pang'ono pokha achimwene. Fodya wa fuluu amadya nkhuni, wa bale amadya milimo ndi mphanda za zigafa, makala nawo akudya zotsala. Koma sindikuti siyani fodya. Chigafa cha mitengo yamoyo, yobzala m'mizere n'kumangirapo ikakula, chimachotsa kudula kwa chaka ndi chaka. Ndipo mtengo wamphako sukhala wabwino pa ntchito iliyonse ya chigafa. Kuusiya simutaya kanthu.

Banda Wanjuchi: Moto musauiwale. Wa mu Seputembala ndi Okutobala, wosakira mbewa uja, umapsereza masamba anthete a mitengo ya tsamba ndi mchenga pamene agulugufe a matondo aikira mazira, umaotcha ming'oma, komanso mazira a lumbe amene amaikira pansi penipeni pa masamba ouma nyengo yomweyo. Kutentha tchire mu Meyi kapena Juni, udzu usanaumitsitse, madzulo mphepo itagwa, kumangodya pamwamba n'kusiya zigamba. Midzi yozungulira paki ino inaloledwa kalekale kulowa kukatola matondo ndi kupachika ming'oma mwa chilolezo, ndiye moto wolusa umawotcha ndalama zathu zomwe.

Chisale: Nanga kadzidzi? Ameneyo kwathu akalira padenga sagona anthu.

Nazimbiri: Akulira chifukwa padengapo pali makoswe, a Chisale. Kadzidzi woyera kumaso uja amadya khoswe kapena mbewa imodzi kapena ziwiri usiku uliwonse, ndipo akakhala ndi ana asanu m'chisa muwerengere nokha. Amene sakumufuna padenga amupangire bokosi kumunda: masentimita 60 m'litali, 40 m'lifupi, 45 msinkhu, khomo la masentimita 13 chakumtunda kuti ana asagwe, utuchi pang'ono pansi, timabowo totulutsa madzi. Likhomeni pa mtengo mamita anayi kuchoka pansi, pamthunzi, kutali ndi msewu. Koma mukatero lekani mankhwala a makoswe. Khoswe wodya poizoni amayenda mwaulesi, kadzidzi amayamba kugwira yemweyo.

Nankhoma wa mbalame: Tsono za kuwerenga, mayi Nabanda. Njovu amaziwerenga pa ndege m'chilimwe, ikuuluka mamita ngati 90 kuchoka pansi m'mizere yowongoka, ndipo ngakhale apo zina zimabisika pansi pa mitengo, n'chifukwa chake amaonjezera kuwerenga ndowe ndi makamera otchera m'njira. Mbalame ndege siingathe. Zimafuna anthu ambiri oyenda pansi, ndipo apa ndi pamene ana anu angagwire ntchito yeniyeni. M'Malawi muli mitundu ya mbalame pafupifupi 650, koma owerenga ndi ochepa, ndipo ambiri amathera ku Liwonde, Nyika, Zomba ndi ku nyanja ya Chilwa. Madambo a Kasungu ndi Mchinji alembedwa pang'ono.

Sankhani njira imodzi ya makilomita awiri yodutsa m'munda, m'dambo ndi m'katchire. Ikani malo oima 8, otalikirana mamita 250, kuti mbalame imodzi isawerengedwe kawiri. Yambani dzuwa likangotuluka, malizani isanakwane 9 koloko, chifukwa kukatentha zimakhala chete. Pamalo aliponse imani mphindi 10, awiri kapena atatu okha, mmodzi akulemba: tsiku, nthawi, nyengo, mtundu, kuchuluka, yaoneka kapena yangomveka. Bwerezani njira yomweyo kamodzi pamwezi. Chimene chimawononga kawerengedwe ndi kusinthasintha njira, kupita kalasi yonse phokoso lili pwirikiti, ndi kulemba dzina longoganizira. Yosadziwika ilembedwe kuti yosadziwika, ndi kukula kwake poyerekeza ndi mpheta, pumbwa, njiwa kapena nkhanga, maonekedwe a mlomo, ndi chimene imachita. Tsiku limene simunaone nang'omba lembaninso, popeza ziro nayenso ndi nambala.

Magalasi oonera patali abwino ndi olembedwa 8x42. Okulitsa ka 12 kapena ka 16 amanjenjemera m'manja mwa mwana. Awiri akwanira kalabu yonse. Pa foni pali Merlin yothandiza kuzindikira ndi eBird yotumizirapo zimene mwaona, zonse zaulere, koma Merlin isakhale mfumu: pa kulira kwa mbalame za kuno imaphonya kawirikawiri. A WESM, bungwe loona za nyama zakutchire ndi chilengedwe m'Malawi, ali ndi makalabu a m'sukulu, afunseni. Mbalame za m'madzi zimawerengedwa mu Januwale ndi mu Julayi mu Africa monse, ndipo damu la Lifupa kapena madamu a m'maesiteti ndi malo abwino ophunzirira: akakowa, atsekwe, nantchengwa, nkhwazi.

Gama Fundi: Anyamata a malegeni ndi ulimbo aja ndiye muwatenge oyamba. Amadziwa chisa chilichonse ndi kulira kulikonse kuposa aphunzitsi.

Nankhoma wa mbalame: Zoona, ndipo mayina a Chichewa alembedwe pambali pa a m'buku, ndi a Chitumbuka omwe kwa a kumpoto kwa boma lino. Koma malo a chisa cha muimba kapena nang'omba asaikidwe pa Facebook kapena pagulu lililonse. Alipo ogula mitu ya miimba ndi ziwalo za nang'omba zopangira zizimba. Malowo auzeni a paki okha.

Mwale wa kwa Kawamba: Zonsezi ndamva, koma ndibwerezabe. Munthu amene wagona kumunda miyezi itatu kulondera njovu simungamuuze za khosi la nang'omba. Mpanda uyambe wagwira ntchito.

Phiri wa zankhalango: Palibe akukana a Mwale. Koma ndalama zosengera udzu pa mpandawo ndi gawo limene limapita ku midzi kudzera ku KAWICCODA, bungwe la midzi yozungulira paki, zimadalira alendo olowa pa geti, ndipo m'miombo nyama zikuluzikulu zimavuta kuona poyerekeza ndi ku Liwonde. Mlendo wa mbalame ndi amene amagona masiku angapo, amabwera ngakhale nthawi ya mvula pamene anamzeze ndi adokowe afika kuchokera kumpoto, ndipo amalipira womuperekeza wodziwa kulira kwa mbalame za m'miombo. Operekeza oterewa kuno ndi owerengeka.

Nabanda wa kwa Chulu: Ndiye tiyambe mwezi uti? Ndipo kulowa nawo ana m'paki kumafuna chiyani?

Nankhoma wa mbalame: Yambani mu Seputembala kunja kwa paki, kuti ana adziwe za pakhomo kaye, mbalame zachilendo za mu Okutobala ndi Novembala zikamafika aziona kusiyana. Zolowa m'paki lemberani kalata ku ofesi ya paki nthawi ikadalipo, ndipo musatsike galimoto popanda mlonda wa mfuti.

Dokotala wa ziweto: Ndipo avale zotuwa kapena zakhaki, za manja aatali. Buluu ndi zakuda zimakoka kashembe, ndipo wa ku Kasungu amatha kupatsira kaodzera. Ngati yunifolomu ya sukulu yanu ndi yabuluu, tsiku limenelo isiyeni kunyumba. Mwana akatupa polumidwa n'kuyamba kutentha thupi patatha sabata imodzi kapena ziwiri, kuchipatala mukanene kuti analowa m'paki, asangomuyeza malungo okha.